Tsiku Limene Ba Mwanabibi Anatulutsa Mipando

Seveni koloko m'mawa inakwana ife titadula kale makabichi theka la thumba. Tinali kuseri kwa nyumba ya malemu Ba Jameson, dalaivala wa minibasi wa muno mu Chawama, komboni yathu ya mu Lusaka, ndipo ili linali tsiku lachiwiri la maliro awo. Mipando yonse ya m'nyumba inali panja pansi pa tenti, azibambo atakhalapo, ndipo m'kati azimayi a kwaya anali kuyambitsa nyimbo ndi mawu osasa. Ine ndinali ndi Kalumba wanga kumsana, mpeni m'manja. Pambali panga, pa ndowa yovundikira, panali Ba Mwanabibi, aneba anga a khomo loyang'anana ndi langa.

Iwo ndiwo anayamba kufika, monga amachitira pa maliro alionse. Ndi Msilamu, Ba Jameson anali a Katolika, koma zimenezo sizinawaletsepo. Ife pobwera tikuyasamula tinapeza mbaula zitayaka kale, mapoto atatsukidwa, iwo akupuma movutikira, chifukwa chaka chino miyendo yawo yatupa ndipo mtima suwalola kuwerama nthawi yaitali.

Chrissie, uja amagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika, anasuzumira m'beseni mwawo nagwedeza mutu.

"Ba Madamu Bonzhu, kabichi yanu yaonda monga tsitsi. Apa ni pa malilo, mwandi, si mu hotela ya ku Paris."

"Ku Paris ndinangodutsako pa sitima, mwanangu," anatero Ba Mwanabibi osadzutsa mutu. "Sendeza beseni ilo."

"Manje kuja ku France bamalila bwanji bazungu? Olo bamatuma chabe meseji pa foni?"

Azimayi ena anaseka. Ba Felistus, mkulu wa azimayi a mpingo amene ankayang'anira zophika, anamuloza Chrissie ndi chikombe chachikulu. "Iwe, pakamwa apo! Gwila nchito."

Ba Mwanabibi sanaseke. Mpeni wawo unaima pang'ono, kenako unapitiriza. Ine ndinadziwa chifukwa chake, pakuti yankho la funso limenelo anandiuza kale, pang'onopang'ono, masiku ambiri tikuchapa pampopi. Ndi yankho lomwelo limene limawadzutsa m'bandakucha kupita pa maliro a anthu ena. Amaopa kuti tsiku lawo likadzafika, m'nyumba mwawo simudzakhala munthu.

Anabadwira ku Matero, mu Lusaka momwemuno. Bambo awo anachokera ku Mangochi ku Malawi ali mnyamata, ndipo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Kamwala. Ana anali atatu. Woyamba ndi Ba Hatibu, amene mpaka lero amakhoma mbaula ndi ndowa muno mu Chawama, kenako iwo, kenako Warda, chitsirizira. Sukulu analekeza Giredi Folo. Anakwatiwa ndi Ba Muzammil, wokonza mawotchi, nabereka mwana mmodzi, Ridwan. Amuna awo atamwalira anayamba ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, ndipo nyumba yomaliza inali ya mayi wina wa ku France, Madamu Eleni.

Mu 2008 Madamu Eleni pobwerera kwawo anati, "Mayi anga akalamba, amakhala okha, ndipo akukana kupita kunyumba yosungira okalamba. Tiye ukawasamale." Ba Mwanabibi anafunsa abale. Ba Hatibu anati apite, ndi mwayi. Warda ndiye anagwira dzanja la Ridwan, amene anali mu Giredi Naini, nati, "Pitani achemwali, uyu ndi wanga." Anagwirizana zaka ziwiri. Anakhala khumi ndi chimodzi.

Mzinda wake ndi Nantes, kumene mvula siigwa ngati yathu. Imangowaza tsiku lonse ngati munthu akukonkha zovala zoti asite. Gogo amene anakawasamala anali Madamu Odili, a zaka makumi asanu ndi atatu, aafupi, aukali, okhala pansanjika yachitatu ya nyumba yaitali yamiyala. Gogo sankadziwa Chingelezi, Ba Mwanabibi sankadziwa Chifalansa. Miyezi yoyamba ankalankhulana ndi zala. Gogo akakwiya ankamenya supuni patebulo, Ba Mwanabibi akakwiya ankaimba nyimbo za Chiyao kukhitchini mokweza, mpaka onse awiri atatopa. Dzina lawo gogo analephera kulitchula lonse, ankangoti Bibi, ndipo ankaliitana kambirimbiri pa tsiku, nthawi zina osafuna kanthu, kungofuna kumva kuti wina avomera.

Ntchito yoyamba tsiku lililonse inali kukagula buledi. Amati ndi wautali ngati mkono, wouma kunja, ndipo anthu amamupanira m'khwapa akuyenda naye mumsewu ngati nzimbe. Tsiku loyamba analowa m'sitolo nangoloza buledi. Mayi wogulitsa anawayang'ana osasuntha, nati "Bonzhu," kawiri konse, mpaka iwo atabwezera.

"Kumeneko ukalowa osapereka moni sakugulitsa ndi mtima wabwino," anandiuza. "Ndinati eya, awa ndi anthu ngati ife. Koma moni wawo ndi mawu amodzi basi. Sapitiriza. Safunsa kuti mwadzuka bwanji, ana ali bwanji, kumudzi mukumvako zotani. Pakhomo loyang'anana ndi lathu panali mdala wina, Bambo Jilibe. Zaka khumi ndi chimodzi, bonzhu, bonzhu. Sindinadziwe ngati ali ndi ana."

Anayesapo. Pa Idi yoyamba, tsiku lachikondwerero lomaliza kusala kudya, anakazinga masamusa nagogoda pakhomo la mdalayo. Bambo Jilibe anatsegula pang'ono, tcheni cha chitseko chili chikolere, nafunsa ngati pali vuto. Mbale analandira. M'mawa mwake Ba Mwanabibi anaipeza pansi pakhomo pawo, yotsukidwa bwino, yopanda kanthu, muli kapepala kothokoza. "Sanandilakwire," amatero. "Kwawo ulemu ndi umenewo, kusavutitsa mnzako. Koma ine ndinaima ndi mbale ija m'manja ngati wina wandibwezera moni wanga."

Zina amazinena akumwetulira. Agalu ovala majuzi. Anthu akuluakulu kupsopsonana m'masaya pokumana, mwamuna ndi mkazi wa mwini, mwini wake ali pomwepo. Chakudya chamasana chotha maola awiri, chobwera pang'onopang'ono, masamba okha, kenako nyama yokha, kenako tchizi chonunkha ngati sokosi yonyowa, chimene gogo ankachinunkhiza atatsinzina. Tsiku lina anayanika zitenje pakhonde la m'mwamba, ndipo m'mawa mwake anapeza kalata pansi pa chitseko yonena kuti zovala siziyanikidwa poonekera. Palibe anabwera kudzawauza pamaso. Ngakhale Madamu Eleni, pofuna kudzaona mayi awo owabereka, ankayamba aimba foni kudakali sabata, ndipo gogo ankalemba tsikulo pa kalendala.

Cholemera chinali Ramadani ikagwa m'nyengo yotentha. Dzuwa la kumeneko nthawi imeneyo silifuna kulowa; teni koloko ikuyandikira, kunja kuli mbee. Ankasala kudya pafupifupi maola khumi ndi asanu ndi atatu, uku akuphikira gogo katatu. Poyamba Madamu Odili ankaganiza kuti Bibi akudwala, nkumawakankhira mbale. Atamvetsa, anasintha okha nthawi ya chakudya chawo chamadzulo. Ankakhala patebulo ndi wotchi patsogolo, akudandaula njala m'chinenero chawo, kudikira kuti adyere limodzi. Mwezi wonse, chaka chilichonse.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene Ba Mwanabibi salola kuti wina achinyoze. Tsiku loyamba la Novembala anthu a kumeneko amapita kumanda. Chaka ndi chaka ankakankha gogo pa njinga ya olumala mpaka pamanda a amuna awo, amene anamwalira kalekale. Gogo ankatenga burashi ndi botolo la madzi, kuuza Bibi kuti awatsitse, nkugwada movutika kutsuka mwalawo mpaka zilembo zitawala. Manda onse ankadzaza maluwa achikasu ndi ofiira.

"Usamanene kuti sakonda akufa awo," anandiuza. "Ife timalira kwambiri masiku atatu, koma pakatha zaka zisanu ndani amadziwa pamene panagona agogo ake? Udzu wokhawokha. Iwo amakumbuka. Kungoti amakumbuka aliyense payekha."

Mu 2017, Lachinayi lina m'mawa, akupesa tsitsi la gogo, foni inalira. Anali Ba Hatibu. Warda wamwalira, wangogwa akusesa pabwalo. Asilamu sagoneka maliro, ndiye dzuwa lisanapendeke anali ataikidwa kale. Zimenezo aliyense anazimvetsa, ndege siingafike tsiku lomwelo. Koma pamakhala sadaka ya tsiku la makumi anayi, pamene abale onse amasonkhana kupempherera wakufa ndi kudya pamodzi. Ba Hatibu anati, "Pamenepo ndiye tikuonani."

Madamu Eleni anawalola. Koma sabata yomweyo gogo anaterereka m'bafa nathyoka fupa la m'chiuno. Kuchipatala anakana chakudya cha anamwino, anatseka pakamwa ngati mwana, ankangotsegula Bibi akagwira supuni. Mapepala a Ba Mwanabibi okhalira m'dzikomo nawonso anali ku ofesi kukonzedwanso, ndipo anauzidwa kuti akachoka asanawalandire, kubwerera kudzavuta.

"Sindinama kuti anandimanga," amatero. "Ndinasankha ndekha. Ndinati Warda wapita kale, koma nkhalamba iyi ndikaisiya ifa ndi njala mbale ili patsogolo."

Tsiku la sadaka anaimba foni. Chapatali ankamva mapoto akugundana ndi mawu a azimayi amene anakula nawo. Ba Hatibu sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanu anamulera ndi Warda. Khalani komweko, achemwali. Azungu anuwo ndiwo adzakulireni." Ndipo anadula.

Madamu Odili anakhala zaka zina ziwiri. Anamwalira mu Febuluwale 2019, cha m'ma naini m'mawa, pabedi pawo, Ba Mwanabibi atawagwira phazi. Dokotala anabwera nalemba pepala. Masana asanakwane anabwera amuna awiri ovala masuti akuda, aulemu kwambiri, nanyamula thupi. Madamu Eleni anali ku Paris, anati afika ndi sitima ya folo koloko.

Ba Mwanabibi anatsala okha m'nyumba ya zii, ndipo anachita chimene mkazi aliyense wa mu Chawama akanachita. Gogo anali munthu wamkulu, anaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu mumzinda womwewo. Anthu abwera ambiri, akhala pati? Anayamba kutulutsa mipando. Sofa yaikulu yobiriwira anaikoka okha, mbali ino pang'ono, mbali iyo pang'ono, mpaka kunja kwa chitseko, pamutu pa masitepe. Mipando isanu ndi umodzi ya patebulo anaindandalika m'njira, kuti pakhale azibambo. Tebulo analikankhira kuchipinda. Kapeti anaipinda, anasesa, anakolopa, nayala mabulangete ndi zitenje zawo zonse pansi motsatira khoma. Anaphika mpunga m'mapoto onse atatu a m'nyumbamo, nawiritsa tiyi. Kenako anavula nsapato, anatsegula chitseko chonse, anakhala pansi atatambalala, nayamba kulira mokweza monga timalirira, kuti aneba amve kuti pano pagwa zovuta.

Analira mpaka mawu anasasa. Pamwamba wina anatseka zenera. Mayi wina wokwera masitepe ndi galu wake anaima, anayang'ana sofa, anayang'ana iwo, nalambalala mwakachetechete. Patapita nthawi chitseko cha Bambo Jilibe chinatseguka. Mdalayo sanalowe. Anaima pakhomo naloza mipando, akufotokoza pang'onopang'ono kuti njira ya masitepe siitsekedwa, moto utabuka anthu adzera pati?

"Madamu amwalira," anatero Ba Mwanabibi m'Chifalansa chawo chothyokathyoka.

Mdalayo anavula chipewa. Anati pepani kwambiri, alemba kalata kwa abale. Anabwerera natseka.

Madamu Eleni anafika mpunga utazizira. Poona katundu wa mayi awo ali pamasitepe, chitseko chili chotsegula, pabalaza pali pululu, anaponya chikwama pansi.

"Wachita chiyani? Mayi anga sanathe ngakhale tsiku limodzi, iwe wayamba kale kusamutsa zinthu zawo? Wakutuma ndani? Ukupita nazo kuti?"

Ba Mwanabibi amati m'moyo wawo wonse sanamvepo manyazi ngati amenewo. Anayankha chapansipansi, "Madamu, ndakonzera anthu malo."

"Anthu ati?"

"Olira."

Madamu Eleni anakhalapo mu Lusaka zaka zinayi, ndipo anapitapo pa maliro a mlonda wawo ku Kalingalinga. Anayang'ana mabulangete, anayang'ana mapoto, nagwira pakamwa.

"Mwanabibi, kuno sabwera," anatero motsitsa. "Palibe amene abwere."

Anavula nsapato, nakhala pansi pambali pa Ba Mwanabibi ndi khoti lonyowa ndi mvula, ndipo analira, awiriwo basi, m'chipinda chokonzedwera anthu makumi asanu. Kenako anadzuka nathandizana kubweza sofa.

Mwambo wa maliro unachitika patatha masiku asanu ndi limodzi. Tsiku ndi nthawi anthu anauzidwa ndi makalata. Ba Mwanabibi anawerenga mitu, inali khumi ndi inayi. Sunathe ola. Palibe anakweza mawu, ankangopukuta m'maso ndi kansalu. Thupi analiwotcha, monga gogo analembera okha, ndipo phulusa anakaliika pansi pa mwala uja ankatsuka. Makalata opepesa anabwera ambiri, odzaza dengu, ena ochokera kwa ana a sukulu akalekale amene tsopano ndi agogo, ndipo Madamu Eleni anayankha iliyonse ndi dzanja lawo.

"Mpunga uja ndinadya ndekha sabata yonse," anandiuza. "Supuni iliyonse ndinkamva mawu a achimwene. Ndinadzifunsa, ine ndikafera kuno, ndani adzandisambitsa? Ndani adzatulutsa mipando? Nanga ndikafera kwathu, kumene sindinakhale pansi pa maliro a munthu zaka khumi ndi chimodzi, ndani adzabwera?"

Madamu Eleni anawapezera gogo wina woti amusamale. Iwo anakana, nakwera ndege.

Muno mu komboni sitifunsa kuti unali kuti. Timangokumbuka amene tinamuona atakhala pansi tsiku limene tinaferedwa, ndipo amene sitinamuone timamukumbukanso. Ba Mwanabibi atabwera, sabata yoyamba anthu anadzaza kudzaona masutikesi. Kenako anachepa. Iwonso analakwitsa, amavomera okha. Anali atazolowera kutseka chitseko masana. Tsiku lina mayi ake a Chrissie anafika pa nthawi ya chakudya, ndipo Ba Mwanabibi, osaganiza, anati, "Mukanandiuza kuti mubwera." Ankatanthauza kuti akanaphika zambiri. Pofika madzulo mawuwo anali atazungulira msika wonse, akuti kwa Madamu Bonzhu umayamba wapempha chilolezo. Dzina lija linayambira pamenepo, ndipo kuyambira tsikulo chitseko chawo sichitsekedwa dzuwa likuwala, ngakhale kuli fumbi la Ogasiti.

Anapita kwa Ba Felistus, amene amadziwa nyumba iliyonse, nawapempha kuti awatchulire onse amene anamwalira m'dera lathu kuyambira 2008. Anakwana makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Anayenda khomo ndi khomo, kuvula nsapato, kukhala pansi, kupepesa maliro a zaka zisanu, a zaka khumi. Ena analira nawo ngati zachitika dzulo. Ena anati, "Misozi inauma kudala, Ba Madamu, mwachedwa." Khomo lomaliza linali la Ba Hatibu. Anakhala pansi pakhonde kuyambira m'mawa mpaka masana. Alamu awo anawapatsa madzi. Ba Hatibu anapitiriza kukhoma ndowa kuseri, ndipo sanatuluke.

Ridwan ali ku migodi ku Solwezi. Amaimba foni, amatumiza mankhwala, ndi mwana wabwino. Koma akamafotokoza zakale nkunena kuti "amayi", nthawi zambiri amatanthauza Warda.

Ife tinasamukira pano kuchokera ku Kitwe chaka chotsatira, ndiye ine ndinawadziwa ali kale munthu wa pa maliro. Kwa Asilamu, kwa Akatolika, kwa a Pentekosite, ngakhale kwa munthu amene anangobwera kudzachita lendi miyezi iwiri, mbaula amayatsa ndiwo. Chakudya amadya pomalizira, ataimirira. Anthu amawaseka, koma akachedwa pang'ono amafunsana kuti Ba Madamu ali kuti, madzi sanawire. Ngati kumeneko ndi kuwakhululukira kapena kungowazolowera, ine sindidziwa, ndipo iwonso sadziwa.

Tsiku lija kwa Ba Jameson, cha m'ma leveni, Ba Hatibu anabwera ndi mbaula ziwiri zatsopano zobwereka anamfedwa, pakuti zathu zinachepa. Anazitula pafupi ndi ife. Anapereka moni kwa Ba Felistus, kwa Chrissie, ngakhale kwa ine. Atafika pa mlongo wawo anayang'ana miyendo yotupa ija nthawi yaitali ndithu. 

"Salamu aleikum," anatero, maso ali pa mbaula.

"Waleikum salamu, achimwene."

Anatembenuka napita ku tenti. Chrissie, amene sasunga mawu, ananong'ona, "Iye! Lelo bakamba!" Ba Felistus anamuponda phazi.

Masana anthu atadya, Ba Mwanabibi anayesa kudzuka pa ndowa ija koma analephera. Ndinawagwira mkono kuwaperekeza kunyumba. Mtunda wa mphindi zisanu tinayenda theka la ola, tikuima pampopi, pa kantemba kogulitsira malasha, pa ngalande. Ndinawafunsa ngati moni uja wawasangalatsa.

"Ndi woyamba chibwerereni," anatero. "Koma moni wa mawu amodzi ndimaudziwa bwino, Amake Kalumba. Ndinakhala nawo zaka khumi ndi chimodzi. Sulowetsa munthu m'nyumba."

Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri. Pabalaza pali sofa imodzi, mipando itatu, katebulo, ndipo pakhoma pali chithunzi cha Warda pambali pa cha gogo wa tsitsi loyera. Sanakhale pa sofa. Anatsamira khoma nandiuza kuti ndiyese kuinyamula mbali imodzi. Ndinamasula Kalumba, ndinamuika pamphasa, ndinayesa. Inali yopepuka.

"Ndinasankha dala yotere," anatero. "Imatuluka pakhomo ukaipendeketsa chakumanzere. Ndinayesa kale."

Kenako anandiuza zimene anamva kuchipatala Lolemba, kuti mtima wakula ndipo madzi ayamba kukwera. Sanalire. Anatsegula kabati natulutsa kiyi wachiwiri womangirira pa kansalu kobiriwira, nandiikira m'dzanja, nafumbatitsa zala zanga ndi zawo zonunkha kabichi.

"Zondisambitsa ndi nsanda adzachita azimayi a kumzikiti, ndalankhula nawo, imeneyo ndi ntchito yawo. Iwe ndikupempha china. Ife sitichedwa kuika, ukudziwa. Munthu akadikira kuti aone kaye ngati ena apita, amapeza zatha. Ndiye ukadzangomva, usadzadikire achimwene, usadzadikire Ridwan, usadzafunse munthu. Udzatulutse mipando yonse, uiike panjira penipeni pamene Chrissie amadutsa popita kumsika. Udzayale zitenje, zili m'sutikesi pansi pa bedi. Chitseko udzachisiye chotsegula, ndipo udzakhale pansi apo, pakhoma, poonekera kunja. Anthu akabwera, udzawasendere. Akapanda kubwera, Amake Kalumba, usadzafulumire kubweza mipando. Udzakhale pomwepo mpaka atandinyamula."